Ndege zankhondo pa VR kuno ku Kasungu: kuyambira pa soketi mpaka kumchira kwa mdani

Ndege zikamamenyana m'mwamba, amene wayamba kuona mnzake ndiye amalamula mmene ndewu iyendere. M'magemu a pakompyuta oulutsa ndege zankhondo monga DCS World, IL-2 Sturmovik kapena War Thunder, mdani amayamba kuoneka ngati kadontho kochepa kuposa njere ya fodya. Hediseti ya VR, chipangizo chovala kumaso chimene chimakuonetsani gemu ngati muli m'ndege momwemo, ikakhala kuti simunaitchere bwino, kadontho kameneko simukaona mpaka zipolopolo zitayamba kuboola mapiko. Ndiye zonse zili m'munsimu cholinga chake ndi chimodzi: mumuone msanga, ndipo mukamuona asakusoweninso. Kukongola kwa mitambo ndi udzu kubwere pambuyo.

Tiyambire pakhoma. Kompyuta yokoka VR imadya mawati 350 mpaka 500 ikakhala pakalikiliki. Ma UPS (mabatire ogwirizira kompyuta magetsi akathima) ang'onoang'ono a 650 VA amene ali mbwee m'mashopu amangopereka mawati osafika 400, choncho magetsi a ESCOM akangothima, UPS imalira kamodzi n'kuthima limodzi ndi kompyuta. Funani ya 1500 VA, imene imapereka mawati pafupifupi 900. Siyoti mupitirize nayo kuuluka, koma imakupatsani mphindi zochepa zoti mutseke gemu n'kuzimitsa makina mwaulemu. Rauta nayo ilumikizeni pomwepo. Ngati muli pa sola, inveta ikhale ya pure sine wave. Zotchipa zija zimalilitsa power supply, nthawi zina kuizimitsa pamene GPU, khadi lojambula zithunzi m'kompyuta, yayamba kukoka kwambiri. Nyengo ya mvula, mabingu akayamba, zulani pulagi pakhoma. Kuzimitsa swichi kokha sikuletsa mphezi.

Mdani wina ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, limadzaza m'mafani, kenako kutentha kwa Okutobala n'kumalizitsa. GPU ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha, ndipo mudzadabwa kuti gemu imene imayenda bwino m'mawa ikudukiza masana. Chotsani kompyuta pansi, iikeni patebulo, ndipo kamodzi pamwezi muiuzire ndi bulowa mutagwira mafani kuti asazungulire.

Za kompyuta yeniyeniyo: DCS imafuna RAM ya 32 GB ndi SSD ngati mukufuna VR yopanda chibwibwi, ndipo GPU ya 8 GB imadzaza msanga. IL-2 ndi War Thunder n'zopepukirapo. DCS imabwera yaulere ndi ndege ziwiri, Su-25T ndi TF-51D yopanda mfuti, koma kuikopera n'kwa magigabayiti ochuluka zedi. Pa bandulo wamba n'kudzipha. Ngati mnzanu ali nayo kale, koperani foda yonse pa hard disk, muiike pa SSD yanu, kenako muchite repair kuti ingotenga zosowa.

Hediseti

Chenjezo loyamba ndi la kaunjika. HP Reverb G2 inali yokondedwa kwambiri ndi oulutsa ndege chifukwa cha mapikiselo 2160 x 2160 pa diso lililonse, ndipo masiku ano imapezeka yotchipa. Kutchipako kuli ndi chifukwa: mu Windows 11 24H2 Microsoft inachotsa Windows Mixed Reality, pulogalamu imene hediseti imeneyi inapangidwira. Kwa woyamba kumene, ndi mutu waching'alang'ala. Chimene ambiri angakwanitse ndi Meta Quest. Quest 2 ndi Quest 3S zili ndi 1832 x 1920 pa diso ndi magalasi a Fresnel, amene amaonetsa bwino pakati pokha. Quest 3 ili ndi 2064 x 2208 ndi magalasi a pancake, ooneka bwino mpaka m'mbali. Pa nkhani yosaka timadontho, kusiyana kwa magalasiku n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa manambala.

Musanayatse gemu, yezani IPD, kutanthauza mtunda wa pakati pa maso anu awiri. Imani pa kalilole mutagwira rula pansi pa maso. Tsinzinani diso lamanja, ikani 0 pakati pa kamwana ka diso lamanzere. Kenako tsinzinani lamanzere n'kuwerenga pamene pagwera kamwana ka diso lamanja. Ambiri amapeza pakati pa 58 ndi 68 mm. Quest 2 imangoima malo atatu, 58, 63 ndi 68. Quest 3 ili ndi kagudumu kosunthira pang'onopang'ono. Mukaphonya apa mutu umapweteka, ndipo mtunda wa ndege imene mukuithamangitsa mumauona molakwika.

Makamera a Quest ndi amene amatsata mutu wanu, choncho amafuna kuwala. Mumdima chipinda cha woulutsa chimayamba kuyandama ngati bwato. Babu imodzi ya LED yolumikiza ku batire imathetsa vuto limeneli usiku. Khoma loyera mbee nalo limasokoneza makamera. Pachikanipo kalendala kapena chitenje kuti akhale ndi chogwira. Mu Settings ya hediseti muli Tracking Frequency: ikani 50 Hz, chifukwa magetsi a kuno ndi 50 Hz ndipo mababu amaphethira motsatira zimenezo. Ndipo musaisiye pawindo magalasi ataloza kudzuwa. Amasonkhanitsa kuwala n'kuotcha sikirini, ndipo chipsera chake sichichoka.

Polumikiza ku kompyuta, munthu wokhala pampando safunika Wi-Fi. Chingwe cha USB 3 cha Link, njira ya Meta yolumikizira Quest ku kompyuta, n'chodalirika, koma chilowe pa doko la kumbuyo kwa kompyuta, osati la kutsogolo. Pulogalamu ya Link ili ndi poyezera chingwe. Ikanena kuti USB 2, chingwecho n'chochajira foni basi. Madoko ambiri sapereka moto wokwanira, moti batire ya hediseti imatsika muli pachingwe pomwepo. Pali zingwe zokhala ndi polowetsa chaja, zimenezo ndiye zabwino. Mu Oculus Debug Tool, kapulogalamu kobwera ndi pulogalamu ya Link, kwezani Encode Bitrate kufika 300 kapena 500 Mbps, chifukwa chithunzi chimapanikizidwa chisanadutse m'chingwe, ndipo choyamba kufufutika pakupanikizako ndi timadontho tija. Mukadzafuna Air Link, imene ndi Link ya pa Wi-Fi, bwezerani nambalayo pa 0, apo ayi chithunzi chidzauma. Okonda Virtual Desktop, pulogalamu ina yolumikizira pa Wi-Fi, agule rauta yakeyake ya 5 GHz, kompyuta ilowe ndi waya wa Ethernet, ana asalumikizepo mafoni. Chithunzicho chimangoyenda m'nyumba momwemo, sichidya bandulo. Pomaliza, sankhani pulogalamu imene mukugwiritsa ntchitoyo kuti ikhale OpenXR runtime, kutanthauza mlatho wa pakati pa gemu ndi hediseti. Kudutsira pa SteamVR, mlatho wina wotere, popanda chifukwa n'kuwonjezera katundu pangolo.

Mafulemu

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Pa 90 Hz kompyuta iyenera kumaliza chithunzi chilichonse m'mamilisekondi 11.1; pa 72 Hz ili ndi 13.9. Ikachedwa, ASW, njira ya Link yobisira kuchedwako, imadula mafulemu (zithunzi za pa sekondi) pakati, 45 kapena 36, n'kumapeka enawo. Kupekako kumapindika pulopela, ndipo ndege yodutsa chopingasa imaoneka iwiri pa nthawi imene mukufuna kuwombera. Ine ndimati sankhani 72 Hz, zimitsani ASW, kenako tsitsani zokongoletsa mpaka 72 ikhazikike osagwedezeka. Mu DCS dinani Ctrl yakumanja ndi Pause kuti muone manambala.

Tsitsani motere: mithunzi choyamba, makamaka Terrain Objects Shadows, kenako mitambo, udzu ndi kuchuluka kwa mitengo. Textures muzitsitse pokhapokha memory ya GPU ikadzaza. Pixel Density ya mu DCS isiyeni pa 1.0 ndipo resolution muzisinthira mu pulogalamu ya hediseti, chifukwa ziwirizi zimachulukitsana, ndipo 1.2 imatanthauza mapikiselo owonjezera 44 pa 100 aliwonse, osati 20. DLSS, njira ya makhadi a Nvidia yokuzira chithunzi, imene inalowa mu DCS 2.9 mu 2023, imapepukitsa ntchito koma imatha kupaka ndege zakutali ngati utsi. Iyeseni poyang'ana ndege ili patali, osati poyang'ana mageji. Sinthani chinthu chimodzi, ulukani mishoni yomweyo, lembani nambala. Mukatsitsa resolution koma mafulemu osakwera, vuto lili pa CPU, purosesa ya kompyuta: chepetsani ndege ndi magalimoto a mu mishoni.

Mukavala hediseti kiyibodi simuiona, ndiye zofunika zonse zikhale m'manja. Joystick (ndodo yowongolera ndege) ya Logitech Extreme 3D Pro imakwana poyambira, Thrustmaster T.16000M ili ndi masensa a maginito amene sakutha msanga. Imangeni patebulo ndi kalampu, isamayende. Mabatani awiri musawamane malo: Recenter, yobwezera maso anu pakati, imene pa kiyibodi ili pa Num 5, ndi VR Zoom. Dontho la glue louma pa batani limathandiza chala kulizindikira. Khalani pa mpando wozungulira wopanda chotsamira chachitali. Fani iziwomba kumaso: imachotsa thukuta, imaletsa nthunzi pa magalasi m'mawa wa Juni, komanso imachepetsa chizungulire. Masiku oyamba ulukani mphindi 15 kapena 20, ndipo nseru ikangoyamba vulani. Kulimba mtima kumangophunzitsa thupi kudana ndi hediseti.

M'mwamba

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musasese thambo ndi maso ngati tochi. Ligaweni m'zigawo, imani pa chilichonse masekondi awiri kapena atatu, chifukwa diso limagwira chinthu choyenda likakhala chilili. Pa magalasi a Fresnel tembenuzani mutu wonse, osati maso okha. Ndege ili pamwamba panu imaoneka msanga pa thambo. Ili pansi imabisala mu mtundu wa nthaka, ndiye sakani mthunzi wake, kunyezimira kwa galasi, utsi, kapena pamene mizinga ya pansi ikuphulikira. Dzuwa litchingeni ndi chitsulo cha denga la ndege kapena nsonga ya phiko kuti muone zozungulira. Zoom ndi yozindikirira ngati ndi mnzanu kapena mdani. Mukatero isiyeni, chifukwa mukaikakamira ena amakuzemberani m'mbali.

Kumbuyo ndiye kumene imfa imachokera. Quest 3 imaona madigiri pafupifupi 110 chopingasa, pamene maso a munthu amafika cha m'ma 200, choncho muyenera kupotoka kwambiri kuposa woulutsa weniweni. Musauluke mowongoka kwa theka la mphindi. Khotani pang'ono kumanzere, weramirani kugalasi n'kuyang'ana kumchira, kenako kumanja chimodzimodzi, osaiwala pansi pa mchira. Amene khosi limawavuta pali kapulogalamu ka XRNeckSafer kowonjezera kupotokako.

Malamulo amene Oswald Boelcke, woulutsa ndege zankhondo wa ku Germany, analemba mu 1916 sanakalambe: khalani pamwamba, dzuwa likhale kumsana, bwerani chakumbuyo, womberani muli pafupi. Onani mmene kabawi amagwirira mwanapiye. Salimbana naye pansi. Amatsika kamodzi, agwire asagwire, n'kukweranso. Ndi mmene muyenera kuulutsira ndege zaliwiro monga Fw 190, P-47 ndi P-51. Yambani muli mamita 1,000 pamwamba pa mdani, tsikani, womberani, kenako kwerani mowongoka ndi liwiro lomwelo. Chiyeso chimabwera mukaphonya: iye wakhota, dzanja lanu likufuna kumutsatira. Kukhota kulikonse kumadya liwiro, ndipo Fw 190 yopanda liwiro pamaso pa Spitfire, ndege yokhota msanga, ndi ndiwo. Musiyeni akhote, akutaya mphamvu zake inu muli pamwamba. Mukakhala mu Spitfire zimatembenuka: khotani molimba kuloza kumene akuchokera pa nthawi imene watsala pang'ono kuwombera, osati msanga, mubwerezebwereze mpaka atope n'kuvomera kuzungulira nanu.

Mukakhala kumbuyo kwake koma mukuthamanga kwambiri moti mumupitirira, musathamangire kuzimitsa injini. Wongolani mapiko pang'ono, kwezani mphuno pamwamba pa njira yake, kenako gudubuzikani n'kumugwera kumchira. Ndiyo high yo-yo: liwiro mwalisungitsa m'mwamba ngati chimanga m'nkhokwe. Apa VR imaposa sikirini kutali, chifukwa mumamuyang'anabe kudzera padenga nthawi yonseyi.

Powombera, dikirani afike mamita 200 kapena kucheperapo. Erich Hartmann wa ku Germany, amene anagwetsa ndege 352 pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ankadziwika ndi kuyandikira kwambiri asanakhudze mfuti. Zipolopolo za mfuti za m'mapiko zimakumana pa mtunda umodzi wokha. Mu IL-2 mumausankha nokha, ndipo mamita 250 ndi poyambira pabwino. Za pamphuno, monga za Bf 109 ndi Yak, sizivuta choncho. Cholozera cha Bf 109 chili chakumanja pang'ono, ndiye sunthirani mutu komweko, maso onse ali otsegula. Mdani akamakhota lozani kutsogolo kwake, tulutsani kwa sekondi imodzi, onani kumene zapita, konzani.

Pa intaneti, maseva ambiri ali ku Ulaya ndi ku America, ndipo ena amathamangitsa wa ping (kuchedwa kwa netiweki) yaikulu. Netiweki ya foni imadumphadumpha madzulo, ndege za ena n'kumaoneka ngati zikujowa. Njira yabwino yophunzirira ndi anthu awiri kapena atatu, wina ku Kasungu wina ku Mchinji, mmodzi n'kutsegula seva. DCS imagwiritsa ntchito port 10308, koma pa intaneti ya foni kawirikawiri sizitheka kuitsegula. Ikani ZeroTier kapena Tailscale, mapulogalamu olumikiza makompyuta ngati ali m'nyumba imodzi, pa makompyuta onse, mulowe ndi adiresi imene yakupatsani.

Mukalumikizana yesani Thach Weave, njira ya John Thach, woulutsa ndege zankhondo wa ku America, imene inayesedwa pa nkhondo ya Midway mu 1942 polimbana ndi ma Zero a ku Japan okhota msanga. Ulukani moyandikana mbali ndi mbali, mutatalikirana mamita 300 mpaka 500, aliyense akuyang'ana kumchira kwa mnzake, kumene ndi kosavuta kuona kuposa kwanu. Mdani akakakamira mmodzi, nonse khoterani mkati, mudutsane. Amene ali mfulu amakumana naye chamaso kapena chammbali. Mukadutsana bwererani mkati kachiwiri. Pa Discord, pulogalamu yolankhulirana, mawu akhale aafupi: "kumchira kwako, khota kumanja, tsopano." Ikani ndege imodzi ya kompyuta kumbuyo kwanu pa mamita 1,500, mubwereze kakhumi, kenako musinthane malo.