Zikomo nonse amene munayenda nane zaka zinayi zimenezi

Lachisanu lapitali ndinakhala maola atatu pamaso pa akuluakulu atatu ndikuyankha mafunso, ndipo pomaliza anandigwira chanza kuti PhD ija yatheka. Nditatuluka ndinakhala pamasitepe n'kuimbira amayi ku Ntcheu. Anayamba ndi nthungululu, kenako mawu anatsika: "Bambo ako akanakhalapo."

Bambo ndiwo anandilowetsa m'ntchito imeneyi yofufuza za matenda a Parkinson's. Dzanja lawo lamanja linayamba kunjenjemera ndili Fomu 3. Kutchalitchi ankalibisa m'thumba la jekete. Patapita nthawi kapu inkagogoda pasosala mpaka tiyi kutayikira, poyenda ankakhwekhwereza mapazi, nkhope inauma ngati akwiya chonsecho mumtima mulibe kanthu. Ena pamudzi ankanong'ona kuti awalodza. Dokotala ndiye anatiuza dzina lake, Parkinson's.

Ambiri mwakhala mukundifunsa chimene ndimachita mu labotale kuno ku Cape Town. Thupi limapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo selo lililonse limasesa m'nyumba mwake. Mapuloteni opindika molakwika, ndi mitochondria zotopa zimene zinkapangira selo mphamvu, zimakulungidwa m'kathumba n'kupita ku lysosome, kumene zimaphwanyidwa kuti zidutswa zake zigwirenso ntchito. Christian de Duve, amene anatulukira lysosome mu 1955, anatcha kusesaku autophagy, kutanthauza kudzidya. Yoshinori Ohsumi wa ku Japan anapeza majini ake, malangizo a m'selo oyendetsa kusesaku, poyang'ana yisiti womanidwa chakudya, ndipo mu 2016 analandira mphoto ya Nobel. Maselo a ubongo sagawanika monga ena achitira, choncho zinyalala zikaunjikana amakhala nazo moyo wawo wonse. Ine ndinkalondola mapuloteni awiri, PINK1 ndi Parkin, amene amaika chizindikiro pa mitochondria zowonongeka kuti zichotsedwe. Majini a awiriwa akalakwika, munthu amatha kudwala Parkinson's asanakalambe.

Anzanga a pabenchi yoyandikana nane amafufuza khansa, ndipo anandiphunzitsa kuti tsache lomweli limasesa kuwiri. Limateteza selo kuti lisasanduke chotupa, monga Beth Levine anasonyezera mu 1999 ndi jini ya Beclin 1, koma chotupa chikakula chimadaliranso kusesa komweko kuti chipirire njala ndi mankhwala. Tsiku loyamba atandipatsa mankhwala oimitsira lysosome, ndinawerenga pabotolo ndipo mtima unagunda: chloroquine, yemwe uja wowawa amene amayi amasimba kuti ankawayabwitsa thupi lonse, amene Malawi anamusiya mu 1993 malungo atasiya kumumva. Ukamuthira pamaselo, timadontho tobiriwira ta puloteni ya LC3, imene imakhala pa timatumba ta zinyalala tija, timachuluka pa maikulosikopu ngati ziphaniphani padambo. Usiku wambiri ndaugona ndikuwerenga timadontho timeneto.

Kwa aphunzitsi anga amene ankandiyang'anira pakafukufukuyu, zikomo. Chaka chachiwiri firiji inazima usiku, masampulo a miyezi isanu ndi iwiri n'kusungunuka, ine n'kulemba kalata yosiya. Munaiwerenga, munaibweza m'manja mwanga, n'kundifunsa kuti mawa tiyambira pati. Kwa achikulire osamalira zipangizo mu labotale, amene munkabwera Lamlungu kudzadyetsa maselo anga nditagona ndi chibayo, digiri iyi ndi yanunso.

Anthu odwala Parkinson's amene munalola kudulidwa kachikopa kakang'ono pamkono kuti tilere maselo anu, ine ndimakudziwani ndi manambala okha olembedwa pambale. Munapereka mukudziwa kuti mankhwala ochiziratu matendawa kulibe, ndipo ntchito yanga sinawapeze. Yangounikira mbali imodzi ya mmene kusesa kuja kumaimira. Ndimakukumbukirani nthawi zonse ndikatsegula mbale zija.

A Malawi anzanga a kuno, amene munkandisungira usipa ndi ufa woyera, n'kumandikoka Loweruka kuti ndikaone dzuwa, Mulungu akudalitseni. Achimwene, inu munasamalira bambo mpaka tsiku lomaliza, kuwameta ndevu, kuwamanga mabatani a malaya, kuti ine ndikhale pasukulu. Ngongole imeneyi sindidzaimaliza.

Amayi, ndikubwera mu Disembala. Buku la kafukufuku wangayu ndabindisa awiri, lina ndi lanu, ndipo patsamba loyamba pali dzina la bambo. Ndidzakuwerengerani tsamba limenelo, chifukwa ndinapempha kuti lokhalo lilembedwe m'Chichewa.