Fyuluta yanga inafa ndi njala, kenako ma guppy anandimaliza

Mbuna zanga zaswa kachitatu, ndipo ulendo uno tiana 14 tonse tili moyo, ndiye mtima wakhala pansi. Ndimaweta Labidochromis caeruleus, zachikasu zija za mbali ya Nkhata Bay, m'kachipinda kanga kuno ku Johannesburg. Kumudzi amandiseka kuti ndikugula ndi marandi nsomba zomwe tinkaziona pamiyala tikusamba. Aseke basi.

Yaikazi imasunga mazira mkamwa pafupifupi masabata 3, osadya. Ndinaikonzera kathanki ka malita 60 kolavuliramo ana, koma kathankiko kamatha mwezi wonse kopanda nsomba. Ine ndinkati bola fyuluta, kachipangizo ka siponji koyeretsa madzi, ikutulutsa thovu, zili bwino. Ndinadzinamiza. Mabakiteriya a mu siponji amadya amoniya, poizoni wochokera m'zonyansa za nsomba, n'kumusandutsa nitrite, yemwenso ndi poizoni, ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe saopsa kwambiri. Mukawamana nsomba mwawamana chakudya, amachepa. Tiana toyamba tinatha masiku anayi okha. Ndinatipeza m'mawa titalendewera pamwamba, tikutsegula kukamwa, ndipo nditayeza madzi kabotolo koyezera kanafiirira mochititsa mantha, kusonyeza kuti poizoni wachuluka. Kuti fyuluta ikhwimenso, mabakiteriya achulukenso, ndi masabata 4 mpaka 6.

Tsono nkhani ya kushopu ija, mpaka pano imandiwawa. Loweruka ndinakwera mataxi awiri kukafuna nsomba zoti zizikhala m'kathankimo kuti mabakiteriya a mu fyuluta azipeza chakudya. Mnyamata wogulitsa, osafunsa n'komwe kuti ndimaweta chiyani, anangoti, "Bwana, tengani ma guppy, awa safa." Ndinatenga asanu ndi mmodzi, n'kuwakhuthulira m'kathanki kaja madzulo omwewo. Lachitatu onse anali ndi timadontho toyera ngati awazidwa mchere. Ndinathira mankhwala a nsomba otchedwa methylene blue siponji ili momwemo, osadziwa kuti mankhwalawa amapha ndi mabakiteriya omwe. Fyuluta yafanso! Loweruka linalo ndinabwererako ndi nsomba zakufa m'kajumbo. Anandidikiritsa mpaka masana kuti abwana awo abwera, abwanawo n'kungoti nsomba ikatuluka pakhomo si yawonso. Tsiku lonse linapita, ndalama ya taxi inapita, ndipo pofika kunyumba yaikazi inali italavulira ana m'thanki yaikulu, anzake atadya kale.

Nsomba yatsopano iliyonse muziyamba mwaisunga payokha masabata atatu kapena anayi. Musamvere za "safa".

Ndaiwala, mnyamata yemweyo anafunanso kundigulitsa Synodontis multipunctatus, nsomba yandevu ngati mlamba, ya ku nyanja ya Tanganyika. Imeneyo imazembetsa mazira ake pakati pa a mbuna, mbuna n'kuwatola mkamwa, ndipo ana ake amaswa msanga n'kudya mazira a mwini kamwa. Ndinapulumuka chifukwa ndalama zinaperewera.

Panopa m'kathankimo mumakhala Ancistrus mmodzi, yemwe kushopu amati bristlenose. Amapirira madzi a pH (muyeso wa asidi m'madzi) yapafupi ndi 8 komanso kutentha kwa madigiri 26, amanyambita ndere pagalasi, ndipo ndowe zake ndi zambiri ndithu, zomwe n'zimene siponji ikufuna. Tiana satilabadira. Ndimamuikira kachikuni kogula kushopu ndi kachidutswa ka nkhaka, basi. Ma guppy, ngakhale akhale athanzi, amaswana ngati mbewa, mudzasowa kowataya.

Koma chomwe chandipulumutsa kwenikweni ndi siponji yachiwiri. Imakhala ikuyenda m'thanki yaikulu nthawi zonse, kuseri kwa miyala. Tsiku losamutsa yaikazi ndimasamutsanso siponjiyo ili yonyowa. Poitsuka ndimaifinya m'ndowa ya madzi ochokera m'thanki, osati pampopi, chifukwa klorini amapha zonse. Cholakwa chimenechinso ndinachichitapo kamodzi, ndikufuna ioneke yoyera.

Magetsi akamazimazima, gulani kapampu ka mpweya koyendera mabatire, poti mabakiteriyawa amafunanso mpweya. Kanga kamalira ngati udzudzu usiku wonse, mayi akunyumba amadandaula, koma sindikazimitsa. Ndipo siponji yachiwiri ija, ikani lero, yaikazi isanayambe kutupa kukhosi.