Layisensi ya mwana wa autism kuno ku Texas, koma fomu ya dokotala inandiwawitsa mutu

Mnyamata wanga watenga layisensi tsopano, nde ndati ndilembe ndisanayiwale poti ndikudziwa tilipo a kumudzi kuno ku Texas amene tili ndi ana a autism ndipo nkhani ya galimotoyi timangoyizemba. Zoti mwana amayamba ndi learner license ali ndi zaka 15 n'kukhala nayo miyezi 6 asanakayese pamsewu atakwana 16, izo mukaziwerenga nokha pa intaneti.

Ine chimene chimandisowetsa tulo si kuyendetsa ayi. Mwanayu pa stop sign amayima mpaka matayala asiyiretu kuzungulira ngakhale kulibe ndi galu yemwe. Koma munthu wachilendo akamulankhula mokweza sayang'ana kumaso, amachedwa kuyankha, manja amayamba kugwedezeka, nde taganizani wapolisi wamuyimitsa usiku, mnyamata wakuda wamtali sakuyankha ndipo manja sakukhazikika, wapolisiyo aganiza chani?

Lamulo lilipo abale. Kuyambira 2019 kuli Samuel Allen Law, ndipo mu 2023 anawonjezera lina, SB 2304, loti masukulu aboma aziwuza ana a special education a zaka 16 kupita m'mwamba ndi makolo awo za pulogalamu ya Texas Driving with Disability. Mwachidule amalemba pa layisensi kuti Communication Impediment kuti wapolisi adziwe kuti munthuyu sakuchita mwano. Sakukakamizani, mumapempha nokha. Ife tinamvera pa msonkhano wa ARD, uja wa makolo ndi aphunzitsi wokambirana za maphunziro a mwana wa special education, ngati kwanu sanatchule funsani basi, musachite manyazi.

Tsono fomu yake ndi DL-101, amadzaza ndi dokotala. Apa ndi pomwe ndinapsa mtima. Kiliniki yomwe imamudziwa mwanayu kuyambira ali wamng'ono, fayilo yake ili mu kompyuta mwawo momwemo, anati sangasayine popanda kumuona, tibuke apoyintimenti. Tinadikira, tinapita, ndinalipira ngati mwana wadwala pomwe dokotala anangomufunsa za kusukulu n'kutuluka, kenako mayi wa pa desiki anandipatsa envelopu yomata akumwetulira. Tsiku la apoyintimenti yathu ku DPS, ofesi yopereka malayisensi, ndinapempha ofu kuntchito, mwana wajomba kusukulu, ndipo amene muli ndi ana otere mukudziwa ntchito yomukonzekeretsa, sabata yonse kumuwuza kuti kukakhala anthu ambiri, phokoso, akakujambula, mahedifoni ukachotsa pang'ono chabe. Tafika pa kawunta, atsegula envelopu, malo a siginecha ya dokotala mulibe kanthu! Adadzaza zonse koma osasayina, mxii. Wa pa kawuntayo sanalakwe, fomu yosasayina angayilandire bwanji. Mwana m'galimoto anangoti zii njira yonse, kwa iye pulani ikasintha tsiku lonse lawonongeka. Nditawayimbira akiliniki akuti pepani mubwere nayo, dokotala alipo Lachinayi. Tsegulani envelopu muli pa kiliniki pompo, muone siginecha ndi deti ndi maso anu.

Vuto lina linabala linzake, poti VOE ija, pepala la kusukulu losonyeza kuti mwana akupita m'kalasi, imagwira masiku 30 okha nthawi ya sukulu, nde pomwe timapeza apoyintimenti ina inali itatha, kukatenganso ina.

Ndayiwala za kumayambiriro. Ife tinasankha parent taught, kuti ndimuphunzitse ndekha, chifukwa mphunzitsi wachilendo kumukalipira pampando wa pambali zikanatha tsiku loyamba. Mumayamba mwalipira $20 ku TDLR, nthambi ya boma yoyang'anira maphunziro oyendetsa galimoto, kutenga paketi yake musanayambe phunziro lililonse, ndipo khololo likhale kuti lakhala ndi layisensi zaka 3. Pali maola 30 oyeserera, 10 mwa amenewo usiku. Ife tinayambira pa malo oyimika magalimoto pa tchalitchi mkati mwa sabata, wayilesi yozima, ine kulankhula mawu ochepa ndiponso omwewomwewo. Ndikanena kuti "khota apo" amafunsa kuti apo pati, nde ndinaphunzira kunena kuti pa maloboti achiwiri khotera kumanja. Vidiyo ya Impact Texas Teen Drivers, yomwe mwana ayenera kuonera asanakayese pamsewu, musathamangire kuonera, satifiketi yake imatha pakapita masiku 90, muonere mayeso atayandikira.

Chimene ambiri amasiya ndi fomu yachiwiri, VTR-216. Iyo mumapita nayo ku ofesi ya msonkho ya county kumene mumalembetsa galimoto, ndipo kwa ine ndi yofunika kuposa ya layisensi ija, chifukwa wapolisi akalowetsa nambala ya galimoto mu kompyuta amaona uthengawo asanatsike n'komwe, pomwe layisensi amayiona atafika kale pa windo. Pa nambalapo sipalembedwa kanthu, oyandikana nawo nyumba sadziwa. Nayonso imafuna siginecha ya achipatala, nde tengani mafomu onse awiri ulendo umodzi musalipire kawiri, ndipo ndabwerezanso, tsegulani envelopuyo musanatuluke.

Kunyumba timayesererabe, bambo ake amakhala wapolisi kugogoda pa windo, iye manja pa chiwongolero n'kunena kuti ndili ndi autism, ndingatenge layisensi m'thumba? Akiliniki aja dzana anditumizira meseji yoti ndiwapatse nyenyezi zingati pa ntchito yawo, sindinayankhe.