Zaka 15 za shopu yathu yosoka ku Highfield, ndi nkhani ya amene ayenera kusenza msonkho

Mwezi uno shopu yathu yosoka mayunifolomu a sukulu, imene ili pafupi ndi mashopu a Machipisa ku Highfield, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, yakwanitsa zaka 15, ndipo tsopano tili ndi makina 8 ndi atelala 6. Tinayamba mu 2010 ndi makina amodzi opalasa ndi phazi amene malemu bambo anga anatisiyira. Bambo anachoka ku Dedza ali mnyamata, anadzera ku Tete, nadzapeza ntchito pafakitale ina ya nsalu. Boma litayamba ESAP, ndondomeko yosintha kayendetsedwe ka chuma ndi kuchepetsa ndalama zimene limagwiritsa ntchito, mu 1991, ntchito zambiri za m'mafakitale zinatha, ya bambo inathera pomwepo, ndipo nthawi yomweyo makolo a m'tauni anayambanso kulipira fizi ya ana a pulayimale ndi ndalama za kuchipatala. Achemwali anga analekezera sukulu panjira kuti ine ndipitirize. N'chifukwa chake ndikamva munthu akunena kuti boma lichepetse ndalama zimene limagwiritsa ntchito, ndimayamba ndafunsa kuti lichepetsa pati, chifukwa m'banja mwathu tinaona kumene lumo limayambira kudula.

Chaka chimene chinatsala pang'ono kutigwetsa ndi 2019. Mu Okutobala 2018 nduna ya zachuma, a Mthuli Ncube, inakhazikitsa msonkho wa masenti awiri pa dola iliyonse yotumizidwa pafoni kapena kudzera kubanki. Pakamwa umamveka wochepa, koma ine ndinauwerengera ndi cholembera patebulo lodulira nsalu. Kholo likamandilipira pa EcoCash, njira yotumizira ndalama pafoni, limadulidwa, ine ndikamalipira nsalu ndimadulidwa, ndikamagula mabatani, ulusi ndi mazipi ndimadulidwanso, ndipo lendi ya shopu nayo siphonya. Diresi limodzi la mwana wa giredi 3 limakhala litakhomeredwa msonkho womwewo kanayi lisanavalidwe, osawerengera VAT imene inabwerera pa 15 peresenti mu 2023. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti msonkhowu unaikidwa ndi malire kwa otumiza ndalama zochuluka zedi, pamene ife a ndalama zapakatikati timalipira pa dola iliyonse.

Kumapeto kwa 2018 tinagwirizana ndi sukulu ina kuti tisoke mayunifolomu 600 pa mtengo wa madola. Mu Febuluwale 2019 ndalama za m'mabanki zinasandutsidwa madola a RTGS, ndalama ya m'dziko muno imene inatsika mphamvu msanga, ndipo pamene sukuluyo inkamaliza kutilipira, ndalamazo sizikanagula ngakhale theka la nsalu imene tinagwiritsa ntchito. Wogulitsa nsalu amene tinagula kwa iye zaka zisanu ndi zitatu mosaphonya anakana kutikongoza ngakhale mpukutu umodzi, anati akufuna madola a ku America ali m'manja. Wakatapila amene ndinathamangirako ananyamula makina athu awiri amagetsi nditachedwa ndi masabata atatu okha. Onse awiriwa masiku ano amatumiza anyamata awo kudzafunsa ngati tikufuna katundu kapena ngongole, ndipo ndimawalandira mwaulemu, koma sindinaiwale mmene pakona ya shopu panaonekera makina aja atachotsedwa, pansi pali zizindikiro za miyendo yake ndi madontho a oyilo.

Mkangano wa msonkho m'shopu muno sumatha, makamaka Loweruka amalume anga akabwera kuchokera ku Mufakose. Iwo amati boma lili ngati banja, ndipo banja likasauka limachepetsa ndiwo m'malo molowa m'nkhokwe ya mnzake. Amanenanso kuti olemera ukawapanikiza amasamutsira ndalama zawo ku Johannesburg, mafakitale otsala n'kutseka, ovutika n'kukhala ife tomwe. Ndimawayankha kuti, “Amalume, pa za magalimoto a akuluakulu ndi maulendo akunja ndikugwirizana nanu ndi mtima wonse, koma ndiuzeni chaka chimene kudulako kunathera kumeneko.” Mu bajeti ya 2019, imene mutu wake unali wa kudzimana kuti dziko lidzalemere, malipiro a akuluakulu a boma anadulidwa ndi 5 peresenti. Chaka chomwecho malipiro a aphunzitsi ndi anamwino anadyedwa ndi kukwera mitengo kwa zinthu mpaka kutsala dzina lokha, ndipo madokotala a m'zipatala za boma ananyanyala ntchito miyezi ingapo.

Aphunzitsi ndi anamwino amenewo ndiwo makasitomala athu. Ndikukumbukira mayi wina, mphunzitsi wa zaka zambiri, amene ankagulira mwana wake madiresi awiri Januwale aliyense. Chaka chimenecho anabwera ndi diresi lakale kuti nditsitse mpendero kachitatu, ndipo nditasomola ulusi ndinapeza mizere iwiri yoyera ya mipendero yakale, nsalu yotsala yosakwana chala chimodzi. Ndinalumikiza kachidutswa kunsi, ndipo ndalama yake sindinalandire. Boma likachepetsa pa mphunzitsi, limachepetsanso pa telala, pa wogulitsa tomato ku Mbare Musika ndi pa woyendetsa kombi, chifukwa ndalama ya mphunzitsi imathera m'dera mwathu momwemuno.

Mu Novembala 2023 nduna inalengeza msonkho wa chuma wa 1 peresenti pa nyumba za mtengo woyambira madola 100,000 a ku America. Anthu anadandaula, ena mwa iwo pa zifukwa zomveka, chifukwa pali okalamba amene ali ndi nyumba yabwino koma penshoni yawo inatha mphamvu mu 2008. Pasanathe masabata ambiri malirewo anakwezedwa kufika pa madola 250,000, ndipo nyumba imene munthu akukhalamo inachotsedwapo. Sinditsutsa kusinthako, koma ndinaona kuti dandaulo la eni nyumba linamveka msanga, pamene lathu la masenti awiri lija takhala tikulinena kuyambira 2018. Maganizo anga ndi akuti munthu amene ali ndi nyumba yachiwiri ndi yachitatu ku Borrowdale, dera la anthu olemera, angathe kupereka gawo limodzi pa magawo 100 osachepetsa chakudya cha ana ake, ndipo ayenera kupereka, malinga ngati boma likutionetsa poyera kumene ndalamazo zapita. Amalume amapukusa mutu ndikamanena zimenezi, koma amavomereza kuti mankhwala a kukiliniki ndi madzi a m'mipopi si malo oyambira kudula, popeza onse tinaona kolera ya 2018 ku Glen View ndi ku Budiriro.

Ndikuthokoza mayi a ana anga, amene anagulitsa firiji ya m'nyumba mu 2019 kuti tiwombole makina amodzi, ndipo sanandinenepo mawu owawa. Ndikuthokoza achemwali anga amene anandisiyira malo a sukulu, ndipo lero ndiwo amasunga mabuku a shopu. Ndikuthokoza atelala athu amene analandira theka la malipiro miyezi inayi osachoka, amayi a bungwe la maliro la Amalawi kwathu kuno amene anatikongoza popanda chiwongoladzanja, akulu ampingo amene anatitumizira ntchito ya mayunifolomu a amayi a Mvano, ndi amalume amene amanditsutsa koma amabweretsa zidzukulu zawo zonse kudzayezedwa kuno. Koposa ndikuthokoza inu makolo a ku Highfield, Glen Norah, Mufakose ndi Mbare amene munapitiriza kubwera ngakhale munkalipira pang'onopang'ono.

Shopu yathu ndi yolembetsedwa ku bungwe lotolera misonkho la ZIMRA ndipo aliyense wogula amapatsidwa lisiti. Tayamba kale kulandira maoda a teremu ya Januwale: madiresi, malaya, makabudula, mathalauza ndi zovala zamasewera. Timalandira madola a ku America ndi ZiG, ndalama ya dziko lino, ndipo amene sangathe kulipira kamodzi angalipire katatu popanda chowonjezera. Diresi lililonse timalisiyira mpendero wa zala zinayi kuti mwana akule nalo, ndipo kutsitsa mpendero pa yunifolomu imene tinasoka ife n'kwaulere. Bwerani ndi mwanayo kuti timuyeze Disembala asanathe, chifukwa sabata yotsegulira sukulu mzere umafika mpaka panja.