Tsiku la msonkhano wa nyumba zosanja za kudoko

Lachiwiri usiku. Ndangofika kumene kuchokera kumsonkhano wa za nyumba zosanja zimene kampani ina ikufuna kumanga pafupi ndi doko, ndipo tulo tikukana, ndiye ndati ndilembe zisanandichoke m'mutu.

Ndinaweruka ntchito ya usiku 6 koloko m'mawa. Ntchito yanga ndi yolemba makontena olowa ndi otuluka pageti la doko. Potuluka ndinapeza akhoma chikwangwani chachikulu pamalo paja tinkaunjikapo makontena opanda katundu. Ajambulapo nyumba zosanja zitalizitali zamagalasi okhaokha, ana akusewera pakapinga, nyanja ili bata. Pachithunzipo palibe kireni, palibe sitima, palibe thiraki ngakhale imodzi, chonsecho pamene ndinaimapo mathiraki anali atandanda mpaka pokhota msewu. Mtima unandiwawa. Wojambulayo watifufuta tonse.

Masana ndinagona pang'ono, kenako ndinayenda khomo ndi khomo ndi chikalata chodandaula kuti anthu asaine.

Msonkhano unali muholo ya sukulu, ndipo munadzaza mpaka ena anaima m'mawindo. Woimira kampani yomangayo analankhula mwaulemu, ndisamunamizire. Anati mzinda ukusowa nyumba. Zimenezo n'zoona, mwana wanga ndi mkazi wake akupanikizana m'chipinda chimodzi mpaka lero. Anatinso mawindo adzakhala a magalasi awiri otchinga phokoso. Mayi wina wachikulire anaimirira n'kufunsa kuti, "Nanga bambo, kukatentha anthuwo sadzatsegula mawindowo?" Holo yonse inawomba m'manja.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ambiri akunja sakutimvetsa. Akuyesa tikukana anthu. Ayi. Doko siligona. Sitima ikakocheza, ola lililonse ndi ndalama, ndiye makireni amatsitsa katundu usiku wonse. Makontena a firiji amang'ung'udza osalekeza, makina akamabwerera m'mbuyo amaliza alamu, magetsi amawala ngati masana. Sitima yoima padoko imasiya majenereta ake akulira. Kuyambira pa 1 January 2020 bungwe la IMO, loona za maulendo a sitima zapanyanja padziko lonse, linatsitsa mlingo wa sulfure m'mafuta a sitima kufika pa 0.5 peresenti, koma utsi sunathe. Ife tinazolowera chifukwa phokosolo ndilo limatidyetsa. Munthu wogula nyumba yodula pamwambapo sadzazolowera. Adzadandaula kukhonsolo, anzake adzamutsatira, adzalemba maloya, ndipo tsiku lina tidzamva kuti ntchito ya usiku yaletsedwa. Eni sitima sadikira munthu, amangopita kudoko lina. Nyumba mutha kumanga paliponse pali malo, koma doko limafuna madzi akuya, njanji ndi msewu wa mathiraki, ndipo malo otero akapita sabwerera.

Nditapatsidwa mpata mawu ananjenjemera, koma ndinanena. Ndinakumbutsa anthu za Tianjin ku China, kumene pa 12 August 2015 nyumba yosungiramo mankhwala oopsa padoko inaphulika n'kupha anthu 173, ndipo nyumba zosanja zapafupi zinawonongeka. Ndinatchulanso doko la Beirut ku Lebanon, pa 4 August 2020, kumene matani pafupifupi 2,750 a ammonium nitrate, mankhwala opangira feteleza, anaphulika n'kupha anthu oposa 200. Sindikunena kuti kuntchito kwathu kuli kusasamala kotero. Koma ine ndimaona ndi maso anga makontena okhala ndi zizindikiro za katundu woyaka ndi wapoizoni akudutsa pageti tsiku lililonse. Malo opanda nyumba aja pakati pa doko ndi anthu sanasiyidwe pachabe.

Mtsikana wina wophunzira za mapulani a mizinda anatithandiza kwambiri. Anafotokoza kuti ku England, kuyambira mu 2018, mfundo za boma zimati womanga nyumba pafupi ndi ntchito imene inalipo kale ndiye ayenera kuteteza okhalamo ku phokoso, osati kupanikiza amene anawapeza. Anapempha kuti khonsolo ilembe zimenezo pachilolezo ngati ingavomereze. Woimira kampani anangoti akafunsa akuluakulu ake. Khansala wathu sanaonetse mbali, anangoti chigamulo chidzatuluka mwezi wamawa.

Mawa ndilowanso ntchito 10 koloko usiku. Ndinyamuka msanga ndi chikalata chija kuti ndidutse kwa madalaivala a mathiraki. Ambiri sanabwere kumsonkhano chifukwa anali pamzere kudikira katundu, ndipo ntchito ya usiku ikadzaletsedwa oyamba kukhala pakhomo ndi iwowo.