Liwu lotuluka m'njira

Lachiwiri, usiku.

Ndimati lero ndipumule, koma mwana wa mlongo wanga anatulukira ndi kope lake la Chingelezi, nkhope ili ndwii. Aphunzitsi amuchongera zolakwa ziwiri pa liwu limodzi, exorbitant. Choyamba analiika h pakati, mwina poganizira exhaust ndi exhibit. Chachiwiri analemba kuti foni ya mnzake ndi yokongola komanso exorbitant, akuyesa akuitamanda.

"Koma amalume, si kudula basi?"

Ndinamuuza kuti ayi. Kudula wamba ndi expensive, ndipo chinthu chikhoza kudula n'kukhalabe choyenera mtengo wakewo. Munthu akanena exorbitant ndiye kuti akudandaula, akuti mtengowo wapyola muyezo ndipo wina akumudyera masuku pamutu. Wogulitsa sangalinene pa katundu wake. N'chifukwa chake limakonda kuyenda ndi lendi, chiwongoladzanja cha ngongole, fizi, zinthu zimene munthu amalipira akung'ung'udza poti alibe kothawira.

Tinatsegula dikishonale kuti asati ndikupeka. Liwuli linachokera ku Chilatini: ex ndi kunja, orbita ndi kanjira kamene magudumu a ngolo amasiya pansi. Orbit, njira imene mwezi umayenda pozungulira dziko, ndi m'bale wake. Ndiye pamene h alowera palibe. Linalowa m'Chingelezi m'zaka za m'ma 1400, ndipo poyamba silinkanena za ndalama, linkanena za nkhani yopatuka pa lamulo. Ine chithunzi cha ngolo yosiya njira n'kulowa m'tchire chandikhalira m'mutu tsiku lonse, moti kutanthauzira kwina kulikonse kukundimvekera kozizira.

Ndinawonjezera kankhani kamene ndimakakonda, ngakhale iye anali atayamba kale kuyasamula. M'zaka za m'ma 1960, Valéry Giscard d'Estaing, ali nduna ya zachuma ku France, anati dola ikupatsa America "exorbitant privilege", mwayi wopyola muyezo, chifukwa dzikolo limagula kunja ndi kukongola pogwiritsa ntchito ndalama imene limasindikiza lokha. Apa si za mtengo, koma dandaulo lake ndi lomwe lija.

Atakonza chiganizo chake, ndinamuuza kuti malipiro a phunziroli ndi kunditsukira mbale mlungu wathunthu. Anandiyang'ana kaye, kenako anati, "Amalume, zimenezo ndiye exorbitant." Tagwirizana masiku awiri.