Ulendo wa ku Beira, tinakaona tokha pomwe mathiraki athu amagona

Anzathu a mathiraki amene munatsala, lipoti la ulendo wathu wa ku doko la Beira ku Mozambique ndi ili, musamangomva za m'maluwa. Pa Mwanza ndi Zobue tinadutsa bwinobwino, Zambezi tinawolokera pa mlatho wa Kassuende uja anatsegula mu 2014 kuti mathiraki asamapanikizane mkati mwa Tete, kenako Changara, Catandica mpaka kukalowa mu N6, mseu waukulu wopita ku Beira. Mseu wake ngosalala moti a Tcheya anayamba kulalikira m'basimo kuti madalaivala amangotinamiza akamati achedwa, eti mseu ngati uwu munthu ungachedwe bwanji.

Yankho analipeza titapitirira Dondo. Tikuyandikira tawuni tinangolowa mumzere wa mathiraki opita ku doko, kutsogolo kontena kumbuyo thanki ya mafuta, kumbali njinga ndi timaminibasi tikulowerera paliponse, basi yathu osasuntha, dzuwa lake la ku nyanja lija likuwotcha. Ndiye njala. Pa Inchope a Msungichuma anali atakaniza kuti tisaime, akuti tikadyera ku Beira konko ma meticais, ndalama za ku Mozambique, asathe, ndiye mumzeremo anthu anawatembenukira, amayi a Mlembi mpaka kuwauza kuti "bambo inu tsegulani chikwamacho tidye malisiti." A Msungichuma anangovala magalasi akuda nkukhala ngati agona. Amene anatipulumutsa ndi madala athu aja anayendetsapo thiraki zaka zambiri, anatsika nkukakamba Chisena ndi madalaivala anzawo, kubwera atanyamula mabotolo a madzi ndi buledi. A Tcheya nthawi yonseyi ziii.

Mawa lake ndiye kunali kuphunzira. Tinauzidwa kuti katundu wa Malawi, Zimbabwe, Zambia ngakhale wa ku Congo amathera pa mseu umodzi womwewo, ndipo chigawo chomaliza chimadutsa m'makomboni odzaza anthu ngati Munhava musanafike pa geti ya doko. Pulani ya mzindawu ili ndi mseu wapadera woti mathiraki azilambalala tawuni nkukalowa ku doko, komanso pakufunika malo oimikapo kunja kuti thiraki izibwera itaitanidwa. Chovuta nchoti Beira ndi yotsika komanso ya madambo, mseu wa katundu wolemera umafuna kukwezedwa ndi ngalande zamphamvu, paja namondwe Idai mu 2019 anawaonetsa zakuda.

Ine pandekha ndinaona kuti kuwerengera ulendo ndi makilomita nkudzinamiza, thiraki ikhoza kuthamanga njira yonse nkukataya tsiku poyang'anizana ndi geti, kontena ikudya ndalama ya demurrage, chindapusa chochedwetsa kontena. Pamsonkhano ukubwerawu tikambirane zoti alawansi ya dalaivala iziwerengera masiku a pamzere.

Zikomo adalaivala a basi poleza mtima ndi nyimbo zathu zosachedwa kutha mawu, zikomo achimwene amene munkatimasulira Chipwitikizi ngakhale pena timakayika ngati mumamasulira zomwezo. A Msungichuma, buledi uja madala sanabwezeredwebe ndalama yawo.